Musatseke mabowo a m'munsi mwa khoma

Mayi wina wa ku Leeds, ku England, wandilembera imelo. Iwo ndi bambo akunyumba anagula nyumba yakale ya njerwa zofiira, mwa zija zogundana makoma msewu wonse. Chisanu chitavuta chaka chatha, anaona kuti mphepo ikutulukira m'mipata ya matabwa apansi. Atazungulira panja anapeza njerwa zamabowo m'munsi mwa khoma, n'kuzitseka ndi nyuzipepala ndi pulasitiki. Pano pabalaza pakununkha chuku, ndipo thabwa lina pafupi ndi khomo likumatitimira akaliponda. Akufunsa ngati aitane kampani yothira mankhwala oletsa chinyontho m'makoma.

Mayi, musanaimbire aliyense, tulukani mukachotse zomwe munatsekerazo. Lero lomwe.

Sindikukuimbani mlandu ayi. Ife tinakulira m'nyumba zozira kapena za simenti, pansi pake ndi nthaka basi. Koma nyumba zambiri za ku Britain zomangidwa nthawi ya Mfumukazi Victoria, pakati pa 1837 ndi 1901, zili ndi mphako pansi. Matabwa mumapondawo agona pa mitanda, mitandayo yakhala pa timakoma tating'ono, ndipo kunsi kwake kuli dothi. Dothilo limatulutsa chinyontho chaka chonse. Njerwa zamabowo zija, zomwe kumeneko amati air brick, zimalowetsa mphepo kutsogolo kuti ikatulukire kuseri, itanyamula chinyonthocho. Kumbukirani nkhokwe ya kumudzi. Agogo ankaikweza pa miyala ndi mitengo kuti mphepo izidutsa pansi, chimanga chisaole. Inuyo mwamata kunsi kwa nkhokwe.

Thabwa likamwa madzi kupitirira 20 peresenti, bowa wowoletsa mitengo amayamba kumera. Pali mtundu wina woopsa kwambiri wotchedwa dry rot, umene umayala ulusi woyera ngati thonje n'kudutsa ngakhale m'njerwa kukafuna thabwa lina. Thabwa logwidwa nawo limang'ambika timabokosi, n'kumanyenyeka m'manja. Chiswe kulibe kumeneko, koma bowa ameneyu amagwira ntchito ya chiswe bwinobwino.

Mukachotsa mapepalawo, tengani waya mutokose bowo lililonse, chifukwa ena amakhala atatsekeka kale ndi penti, dothi kapena akangaude. Kenako yang'anani kuseri. Apa ndi pomwe nyumba zambiri zimaonongekera. Munthu amawonjezera khitchini, n'kuthira simenti pansi, mabowo akuseri onse n'kukwiririka. Mphepo ikalowa kutsogolo imasowa kotulukira. Ngati ndi mmene ilili yanuyo, mmisiri angathe kuika mapaipi kapena kuboola khoma lam'mbali ngati lilipo. Malamulo omangira a ku England amafuna mabowo pa makoma awiri oyang'anana, ndipo chifukwa chake n'chomwechi.

Onaninso kutalika kwa nthaka panja. M'munsi mwa khoma mumakhala mzere woletsa madzi kukwera, m'nyumba zakale nthawi zambiri ndi wa miyala yapyapyala ya slate. Nthaka kapena simenti yapabwalo iyenera kukhala mamilimita 150 kunsi kwa mzerewo, ndiye kuti mizere iwiri ya njerwa. Eni ake akale amakonda kuwaka pabwalo pamwamba pa pakale, kapena kuunjika dothi la maluwa kukhoma, mpaka madzi a mvula azilowera m'mabowo momwemo. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera, muone ngati mipope yotsitsa madzi a padenga sikudontha.

Za thabwa lotitimiralo, musazengereze. Itanani kalipentala alizule, muunike ndi tochi, abaye mitanda ndi sikuludiraiva makamaka kunsonga komwe yalowa m'khoma. Ikalowa mosavuta, mtandawo wapita, usinthidwe.

Tsono za kampani ija. Ine ndimakayikira munthu wobwera kudzayeza ulele pomwe ali ndi mankhwala ogulitsa m'galimoto. Kamakina kawo koyezera chinyontho kakalira pakhoma, yankho limakhala lomwelo nthawi zonse. Bola kulipira katswiri woyeza nyumba amene sagulitsa kanthu. Mankhwala a m'khoma saumitsa mphako yosowa mphepo.

Nanga kuzizira kuja? Kumatheka kuthana nako mabowo ali chitsegukire. Tsekani mipata ya pakati pa matabwa ndi ya m'mphepete mwa khoma, m'kati mwa nyumba. Kalipentala akazula matabwa, ndi mpata wabwino woyala ubweya wotchinga kuzizira pakati pa mitanda, womangidwa ndi ukonde kuti usagwe n'kutseka njira ya mphepo. Fungo lokhalo musayembekeze kuti litha sabata ino. Mphako yonyowa imatenga miyezi kuti iume, makamaka m'nyengo yozizira.