Kwa achemwali amene akupita ku Dubai mu Ogasiti: za kutentha ndi zimene mukaone mukangofika

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mukupita ku Dubai koyamba mu Ogasiti kukaoda katundu, kodi kutentha kumene anthu amakamba n'koona kapena amangokokomeza, ndipo mukatsika ndege muyembekezere zotani. Ndaona ena akuyankhani kuti kutentha ndi kutentha basi, mukazolowera. Ine ndikuti musanyamuke ndi maganizo amenewo. Mwezi mwasankhawu ndi umene dzuwa limafika pachimake kumeneko, ndipo kuli bwino mupite mukudziwa.

Chimene chimayamba kukunamizani ndi bwalo la ndege lenilenilo. Mumayenda m'makonde aatali ozizira, kudindisa pasipoti, kutenga chikwama, mwinanso kulakalaka juzi. Kenako chitseko chagalasi chimatseguka chokha, mwatuluka panja. Ine ndinafika usiku, ndili ndi chikhulupiriro choti dzuwa likalowa kunja kumapepukako. Mpweya umene unandilandira unali ngati ndavundukula poto wowira n'kuweramitsirapo nkhope. Magalasi anga amaso anachita chifunga nthawi yomweyo, osaonanso kutsogolo, foni m'manja inanyowa, ndipo pofika pamene pamaima mataxi malaya anali atamatirira kumsana.

Anthu akamva mawu akuti chipululu amaganiza za kutentha kouma, kosweka nako milomo. Dubai ali m'chipululu ndithu, koma wakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Gulf, ndipo nyanja imeneyi si yakuya. M'chilimwe madzi ake amafunda kupitirira madigiri 30, ndiye mpweya umadzaza chinyezi. Thupi la munthu limazizira thukuta likamauma pakhungu. Kumeneko thukuta limangoyenderera osauma, choncho mumatuluka madzi ambirimbiri koma osapeza mpumulo. Mu Julayi ndi Ogasiti masana kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku wambiri sikutsika kwenikweni pansi pa 30. N'chifukwa chake ndikukana zoti mukazolowera pa masiku ochepa. Ngakhale amene akhalako zaka samalimbana nalo dzuwa, amalithawa.

Mukafika kumene mukagone, tsegulani mpopi wa madzi ozizira muone. M'nyumba zambiri, makamaka zakale za ku Deira, dera lamalonda la mzindawu, mathanki amadzi amakhala padenga, ndiye amatentha tsiku lonse. Masana madzi a mpopi "wozizira" amatha kukuwaulani. Anthu akumeneko amazimitsa giza m'chilimwe, kuti madzi amene ali m'thanki yake, yomwe ili m'kati mwa nyumba, azizireko, kenako amasamba a mpopi wolembedwa kuti wotentha. Yesani kaye ndi dzanja musanalowe pansi pa shawa.

Kutacha ndinayang'ana kumwamba kufuna thambo lobiriwira, koma linali lotuwa, loyererako, dzuwa likuoneka ngati lili kuseri kwa nsalu. Ndi fumbi losakanikirana ndi chinyezi. Masiku ena ngakhale Burj Khalifa, nyumba yotalika mamita 828 imene inatsegulidwa mu 2010, imangooneka mbuu mukakhala patali. Kukawomba mphepo imene amaitcha shamal, mchenga wosalala umalowa paliponse, mpaka kumveka m'mano.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi m'mene mzinda wonse unasinthira nthawi yake chifukwa cha dzuwa. Cha m'ma 1 koloko masana misewu imadzaza magalimoto koma m'mbali mwake mulibe woyenda pansi. Mumaona mzinda waukulu chonchi, anthu osaoneka. Onse ali m'kati: m'masitolo akuluakulu, m'sitima ya Metro, ngakhale m'tinyumba todikirira basi, chifukwa tambiri tili ndi zitseko ndi makina oziziritsa mpweya. Kumisika yakale ya ku Deira, cha ku Naif ndi Baniyas Square kumene amalonda ambiri ochokera ku Africa amagula katundu, mashopu ambiri amatseka masana n'kutsegulanso chakumadzulo. Dzuwa likangolowa ndiye mzinda umadzuka. Cha m'ma 10 koloko usiku mumapeza anthu pikitipikiti, ngolo zamakatoni zikukankhidwa, ana akusewera, ena akumwa tiyi wa karak ataimirira pakhomo pa kashopu. Inu amene mukupita kukagula katundu, apa ndi pamene pali phindu lanu. Yendani m'mamawa kwambiri, masana bwererani mukagone, madzulo mutulukenso mpaka usiku. Mukafuna kuti mumalize zonse masana chifukwa masiku ndi ochepa, tsiku lachiwiri mudzalephera kudzuka ndi mutu.

Ndanena kuti masana panja palibe anthu, koma si zoona kwenikweni, ndipo izi ndimafuna aliyense wopita kumeneko aziona. Alipo omanga nyumba, osesa misewu, osamalira maluwa, anyamata anjinga zamoto operekera zakudya atavala zipewa zolimba ndi majekete. Ambiri ndi ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh, Nepal ndi maiko a ku Africa. Boma la United Arab Emirates (UAE), dziko limene kuli Dubai, lili ndi lamulo, lomwe linayamba mu 2005, loletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Pa maola amenewo mumawaona atagona pamthunzi wa mlatho kapena wa khoma, nsapato atatsamira, nkhope ataphimba ndi kansalu. Lamulolo ndi labwino, koma 3 koloko ya mu Ogasiti ikadali moto, ndipo iwo amadzuka n'kubwerera pantchito. Kuzizira konse kumene mlendo amasangalala nako m'sitolo kuli ndi anthu amene anakumangira ali panja. Mnyamata akakunyamulirani makatoni kuchokera kushopu kukafika kwa otumiza katundu, musamunenerere mpaka kumufinya, ndipo mugulireni madzi. Mudzaonanso kuti pafupi ndi mizikiti yambiri ndi pamipanda ya nyumba zina pali timafiriji ta madzi akumwa aulere, toikira aliyense wodutsa. Chimenechi ndinachikonda kwambiri mwa anthu akumeneko.

Mudzadabwa ndi kapinga wobiriwira ndi maluwa m'mbali mwa misewu. Yandikirani muyang'ane pansi: pali timapaipi takuda tayalidwa paliponse, tikudontheza madzi patsinde la chomera chilichonse. Ambiri mwa madzi amenewo ndi ochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa, oyeretsedwa kuti azithirira. Kumene kapaipi kathera, mchenga wayambira pomwepo. Mvula kumeneko imagwa pafupifupi mamilimita 100 okha pa chaka, ndipo mtsinje woyenda chaka chonse kulibe. Madzi a m'mipopi amachokera m'nyanja, ndipo amachotsedwa mchere kumafakitale aakulu a ku Jebel Ali. Mvula ikati ibwere yambiri, mzinda umasowa kolowetsa madzi. Pa 16 Epulo 2024 inagwa yoopsa moti misewu inasanduka madambo, ndipo ndege zambiri zinalephera kunyamuka.

Mukapeza mpata madzulo amodzi, pitani ku Dubai Creek, pamene madzi a m'nyanja analowerera pakati pa mzinda, mukakwere abra, bwato lamatabwa lowolotsa anthu pakati pa Deira ndi Bur Dubai. Ine ndinalipira dirham imodzi, ndalama ya kumeneko. Kutsidyako kuli Al Fahidi, dera lakale la tinjira topanikizana ndi nyumba zokhala ndi nsanja zazitali zotseguka mbali zonse, zotchedwa barjeel. Nsanjazo zinkakola mphepo n'kuitsitsira m'chipinda. Tinjirato anatipanikiza dala kuti khoma lizichita mthunzi pa linzake. Anthu ankakhala kuno kalekale, akuwedza nsomba, kusambira pansi pa nyanja kufuna ngale ndi kuchita malonda, mafuta asanapezeke mu 1966 komanso dziko la UAE lisanapangidwe mu 1971. Ndinaima m'kanjira kamodzi ndikumva kamphepo kakudutsa, ndipo ndinawapatsa ulemu anthu amenewo, chifukwa iwo analibe batani loti adine kuti kuzizire.

Za anthu musadere nkhawa kuti mudzaoneka mlendo. Pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse mumzindawu ndi obwera, ndipo Chingerezi chimamveka paliponse. Mudzamva kuitanira mapemphero kuchokera m'mizikiti kasanu pa tsiku, koyamba kusanache. Metro, imene inayamba kuyenda mu 2009 ndipo ilibe dalaivala, imaima pa Terminal 1 ndi Terminal 3 pabwalo la ndege, mumangofunika kugula khadi lolipirira ulendo lotchedwa Nol. Muli chipinda cha amayi ndi ana okha, chimene inu chidzakuthandizani nthawi yothithikana. Kudya kapena kumwa m'sitimamo kuli ndi chindapusa, choncho imwani madzi anu musanalowe. Komanso musajambule anthu osawapempha, kumeneko ndi mlandu.

Zovala tengani zathonje, zotayirira, zowala, zophimba mapewa ndi mawondo. Zimateteza khungu komanso zimagwirizana ndi ulemu wa kumaloko. Muike kansalu kofunda m'chikwama chifukwa m'masitolo ndi m'sitima mumazizira kwambiri. Nsapato zikhale zokhuthala pansi, phula limawotcha.

Madzi imwani musanamve ludzu, ndipo muziyang'ana mkodzo: ukayamba kuda kapena mukatha maola ambiri osakodza, thupi lauma kale. Tengani timapaketi ta ORS, chifukwa ndi thukuta mumatayanso mchere. Mukamva mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, lowani pamalo ozizira nthawi yomweyo, musati ndimalize kaye shopu iyi. Ngati mnzanu wayamba kulankhula zosokonekera, khungu lili lotentha kwambiri kapena wakomoka, muthireni madzi, mumukupize, ndipo imbani 998, nambala ya ambulansi. Ngati muli ndi vuto la BP, shuga kapena impso, kapena ndinu oyembekezera, kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, ndipo ngati tikiti ingathe kusinthidwa, miyezi ya Novembala mpaka Malichi ndi imene munthu amayenda panja masana bwinobwino.