Chiliza chidikire, bona ayambe

Mdzukulu wanga, pepa ndi maliro. Ukuti mlongo wako, msilikali uja anafera kunkhondo ku DRC, mukufuna kumumangira chiliza cha matailosi mwezi uno, musindikizenso nkhope yake pa matisheti, ndiye ukufunsa kuti simenti ilowa matumba angati. Za simentizo tikamba. Koma muuthenga wako wonse sindinamvemo za kumeta, za bona, ngakhale za atsibweni anu.

Maliro a msilikali amabwera ndi mwambo wawowawo. Bokosi lifika litakutidwa ndi mbendera, nthawi zambiri lotseka kale, anzake alinyamula moguba, lipenga lilira, mfuti ziwombedwa m'mwamba, kenako akwera galimoto kubwerera ku Kamuzu Barracks. Ndi ulemu waukulu. Mu Novembala 2018 dziko lino linataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi tauni ya Beni ku DRC komweko, ndipo mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, bungwe la United Nations linamupatsa mendulo mu 2019 chifukwa anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amaika nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba ndi ku Lilongwe. Mbali ya boma imayenda choncho, ndipo imatha. Mbali ya mudzi ndiyo imatsala m'mwamba, chifukwa pa maliro otere adzukulu amangokumba manda n'kuima patali. Sanamusambitse, sanamuveke, mayi wake sanaone nkhope.

N'chifukwa chake mwana wofera kutali bona wake sadumphidwa. Kuno ku Kasungu kale aliyense ankadziwa kuti kumeta ndi kuwiri. Koyamba ndi kuja kwa masiku ochepa chiikireni maliro, anamfedwa asanabalalike. Kwachiwiri kumabwera pa bona, pakatha miyezi, mwina chaka, ndipo ndi kumene kumamasula mkazi wamasiye ndi kugoneka mzimu. Akale ankati kufikira tsiku limenelo mzimu umakhala ukungozungulira pakhomo. Nanga wa munthu amene anagwera m'nkhalango ya eni, pakati pa anthu olankhula chinenero china, ukhazikika bwanji popanda woulankhula?

Nthawi yake ndi m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, nkhokwe zili zodzaza ndipo a fodya abwerako kumsika wa Chinkhoma. Tsiku sasankha ana a m'tauni pa WhatsApp. Mwinimbumba akhala pansi ndi akuchimuna, kenako akauza amfumu atatenga nkhuku.

Ntchito yeniyeni ili pa chimera, ndipo atsikana a lero ambiri amachidziwa chogula pamsika. Cha bona chimachokera m'nkhokwe za abale, nyumba iliyonse kubweretsa lichero lake, kuti pasakhale wonena kuti malirowa si anga. Chimanga kapena mawere aviikidwe tsiku limodzi kapena awiri, avuulidwe, ayalidwe pamthunzi n'kufunditsidwa masamba a nthochi kapena chiguduli. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku atatu mpaka asanu mizu imakhala itaturuka, apo muyanike padzuwa mpaka ziume gwa, kenako kuchigayo. Mukachulutsa madzi, kapena mukalonga m'thumba zisanaumitsitse, zimachita chuku. Chimera chachuku tayani, musachite nacho chisoni, chimadwalitsa.

Phala la mgaiwa liphikidwe m'migolo lipse bwino. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amathira chimera phala likadali lobwadamuka, mphamvu yake n'kufa, phala osasungunuka, osatsekemera. Dikirani lizizireko mpaka chala chizipirira kwakanthawi, thirani, takasani. Muliona lokha likusanduka madzimadzi. Ligone, m'mawa muwiritsenso. Pamenepo ndi thobwa, ndipo ngati mpingo wanu suloleza mowa, imirani pomwepo, mzimu wa mwana sungakane thobwa la mayi ake. Ofuna mowa amawonjezera chimera china n'kusiya masiku angapo usanasefedwe. Masiku onsewo ofulula ndi anamfedwa amadika, sagona malo amodzi ndi amuna awo. Mowa ukasasa msanga, amayi akuluakulu ankangoyang'anana, osafunsa zambiri.

Usiku wake, kwa eni mwambo, gule amavina mpaka kucha. M'mamawa akuluakulu ochepa amapita kumanda ndi chipanda ndi kaufa m'manja. Atsibweni agwada kumutu, athira pang'ono pansi, amutchula dzina la ubwana lija ndi mfunda wake, amuuza kuti kuno ndi kwanu, nkhondo inatsala komweko, ana ako ndi awa, usawabwerere kutulo. Mawu ake ndi ochepa chabe. Pobwerako ndiye kumeta, ndipo lezala akhale aliyense ndi lake. Masiku ano ena amangodulako katsitsi kakumphumi poopa kuwononga mesh. Kaya, bola mutu wakhudzidwa.

Tsiku lomwelo ndi logawa zovala. Chipewa chake cha usilikali, mendulo ngati ilipo, ndi mbendera ngati anakusiyirani, zimenezo sizigawidwa, zisungidwire mwana wake woyamba m'chikwama chouma, muziturutsa nthawi zina kuti njenjete zisadye. Ndalama zochokera ku boma musazikhudze pa bona. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda ndi mlandu.

Matisheti sindikukaniza. Koma ndaona nkhope za anthu akufa zikupukuta njinga yamoto, zina zitasanduka nsanza zosomera fodya m'chigafa. Mukasindikiza, akhale ochepa.

Tsopano chiliza. Manda ayambe amwa mvula ya dzinja lathunthu. Dothi lathu lamchenga limatitimira, ndipo chomangidwa pamanda aawisi chimang'aluka pakati mvula yoyamba. Matailosi amaoneka bwino pa chithunzi, koma madzi akalowa pansi pake amayamba kusupuka. Njerwa zootcha ndi pulasitala wosalala zimakhalitsa. Konkire ya maziko ikhale muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wakumtsinje, inayi ya miyala, ndipo muzithirira madzi masiku asanu ndi awiri osadumpha, apo ayi dzuwa la Okutobala liumitsa msanga n'kusiya ming'alu. Kuchuluka kwa matumba akuuzani mmisiri akayeza manda. Polemba, pambali pa dzina, udindo wake wa usilikali ndi zaka, musaiwale mfunda ndi malo amene anafera. Kulowa kumanda ndi makasu ndi simenti kumafunanso chilolezo cha amfumu, ndipo adzukulu amene anakumba aja ndi amene amatsogolera, muwakonzere nsima ya nkhuku.