Musamuzule columbine wanuyo

Mayi, mwafunsa kuti munafesa njere za duwa lotchedwa columbine chaka chatha, zina zinamera zina ayi, ndipo zomerazo mpaka lero ndi masamba okhaokha. Musazule chonde, palibe chomwe mwalakwitsa. Columbine wa njere nthawi zambiri chaka choyamba amangokulitsa muzu ndi masamba. Maluwa amadza chaka chachiwiri, ndipo mitundu yambiri imafuna iyambe yadutsa m'nyengo yozizira. Chisanu ndicho chimamudzutsa, chikangotha mudzaona timitengo tamaluwa tikutuluka pakati pa masambawo. Ngati kwanu sikuzizira kwenikweni, pamenepo ndiye pali ntchito, ndisakunamizeni.

Njere zomwe zinakana kumera zija nazonso n'kutheka zinasowa kuzizira komweko. Ine ndimazikulunga m'kapepala konyowa pang'ono, n'kuika m'kajumbo, kenako mufiriji kwa milungu 3 kapena 4, osati mbali youmitsa madzi ija. Pofesa musazikwirire kwambiri, zimamera bwino zikamaona kuwala. Ingozikanikizani ndi chala pamwamba pa dothi lonyowa. Zimachedwa, mwezi utha kutha muli kuyang'ana dothi lokhalokha, ndiye musataye mtima.

Malo ake akhale oti dzuwa la m'mawa limafika koma masana pali kamthunzi, monga m'mbali mwa mtengo. Dothi likhale lachonde koma losadikha madzi, apo ayi muzu umaola. Muzuwo umalowa pansi ngati karoti, n'chifukwa chake wamkulu sakonda kusamutsidwa. Okerani akadali aang'ono, motalikirana masentimita 30 mpaka 40, basi musiyeni.

Mukadzaona timizere toyera tokhotakhota pamasamba, ngati wina walemba ndi choko, ndi timphutsi ta kantchentche tomwe timadya m'kati mwa tsamba. Kumanyansa m'maso koma chomera sichifa nazo. Ine sindivutika n'kupopera mankhwala. Ndimadikira maluwa athe, ndimwete masamba onse pafupi ndi dothi, atsopano amaphuka oyera bwino.

Chinthu china choti mudziwiretu: tsinde limodzi silikhalitsa, zaka 3 kapena 4 latopa. Koma amadzifesa yekha mukasiya timakoko tingapo ta njere tiume pachomeracho. Mukatigwedeza mumamva tinjere takuda tonyezimira tikulira m'kati ngati chisekese. Vuto lake njuchi zimasakaniza mitundu. Ine ndinabzala woyera ndi wabuluu moyandikana, ndikudzitama kuti ndapanga dongosolo. Patapita zaka zochepa ana awo ambiri anatuluka ofiirira mosadziwika bwino, woyera uja n'kusowa. Ngati pali mtundu womwe mumaukonda, ubzaleni patali ndi ena, kapena muzidula maluwa a enawo asanabereke.

Akadzachita maluwa, thyolani limodzi mulione bwinobwino. Kumbuyo kwake kuli tinyanga tisanu tomwe timasunga timadzi totsekemera, ndipo duwalo limaoneka ngati nkhunda zisanu zaunjikana mitu pamodzi. Dzina loti columbine likuchokera ku columba, nkhunda m'Chilatini. Akatswiri a zomera amati Aquilegia, ndipo ambiri amati dzinali likuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chiwombankhanga poona tinyangato ngati zikhadabo.

Ngati pakhomo pali ana aang'ono, samalani ndi njere ndi mizu, zili ndi poizoni. Zomwe mwaika mufiriji zija mulembepo dzina, wina angaziyese zokometsera ndiwo.