Poti tikudziwa kale amene anapambana ku Isandlwana, tisewererenji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene mwana wawo wa Fomu 2 wagwa m'chikondi ndi mbiri ya nkhondo. Bambowa anaona pa intaneti anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, atazungulira tebulo lodzaza tiasilikali topakidwa penti, akuponya madayisi kwinaku akuyeza mitunda ndi tepi. Mafunso awo ndi awiri. Loyamba: nkhondoyo inachitika kalekale ndipo wopambana akudziwika, ndiye phindu lake n'chiyani, si kungobwereza za m'buku? Lachiwiri: tizidole timeneti tikuoneka todula, munthu wa m'thumba mopepuka angayambire pati?

Bambo, ndiyambe ndi lachiwirilo chifukwa silitenga nthawi.

Tiasilikati timagulitsidwa m'misinkhu yosiyanasiyana: ta mamilimita 28, ta 15, ta 6, komanso tapulasitiki ta sikelo ya 1/72 tomwe ndi totsikirako mtengo. Makampani ngati Perry Miniatures ndi Warlord Games a ku Nottingham amapanga Azulu ndi asilikali a Britain okongola zedi. Koma musaitanitse kanthu panopa. Tolani zitsekerero za mabotolo, zofiira zikhale Angerezi, zamitundu ina zikhale Azulu. Yalani nsalu patebulo, ikani mwala waukulu ukhale phiri, chingwe chikhale chigwembe, mabokosi a machesi akhale ngolo. Madayisi awiri a ludo ndi tepi ya telala, basi mwakwana. Mwana akasewera kasanu osatopa, pamenepo ndiye muganize za penti ndi burashi.

Tsopano funso lenileni lija. Ndiliyankha ndi nkhondo ya ku Isandlwana, chifukwa ndi imene inandichititsa manyazi ine.

Pa 22 January 1879, gulu la nkhondo la Mfumu Cetshwayo ya Azulu, anthu pafupifupi 20,000 motsogozedwa ndi Ntshingwayo kaMahole, linagwera msasa wa Angerezi m'munsi mwa phiri la Isandlwana ku KwaZulu, ku South Africa. Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Angerezi, anali atanyamuka m'bandakucha ndi pafupifupi theka la asilikali ake kulowera ku Mangeni, kukasaka Azulu kumene kunalibe gulu lalikululo. Pamsasa anasiya Henry Pulleine, kenako m'mawa womwewo kunafika Anthony Durnford ndi okwera pamahatchi. Onse pamodzi anali cha m'ma 1,700, kuphatikizapo makampani (timagulu ta asilikali) 6 a gulu la Angerezi la 24th Regiment, mizinga iwiri, ndi asilikali achikuda a Natal Native Contingent. Pofika madzulo, oposa 1,300 anali atafa.

Mukatenga chitsekerero chimodzi kuimira anthu 100, mudzafunika 200 mbali ya Azulu ndi 17 zokha mbali inayo. Ingoziyalani muone. Mwana wanu adzamvetsa kukula kwa nkhaniyi asanaponye n'dayisi lomwe.

Ine ndinatha miyezi ndikupenta Azulu anga, chishango chimodzichimodzi, mawanga akuda ndi oyera, mpaka maso kuwawa. Tsiku la masewera litafika, mnzanga amene anatenga Angerezi sanachedwe. Anakokera asilikali ake onse pafupi ndi ngolo za zipolopolo, phiri kumsana, phewa ndi phewa, mizinga m'ngodya. N'kukhala phee kundidikira. Ndinabwera ndi chifuwa, gulu lapakati, ndinabwera ndi nyanga zonse ziwiri, magulu a m'mbali, koma madayisi ake ankangondithyola ngati chimanga. Ola lisanathe Azulu anga anali m'bokosi. Ndinapsa mtima, ndinati malamulo ndi okondera.

Malamulo sanalakwe. Mnzangayo anachita zimene Angerezi anachitadi pambuyo pake. Ku Kambula pa 29 March chaka chomwecho anatchinga ndi ngolo, napambana. Ku Ulundi pa 4 July Chelmsford anaimika asilikali ake mothinana m'mbali zonse zinayi, napambananso. Mfuti ya Martini-Henry ikakhala m'manja mwa anthu othinana, zipolopolo zili pafupi, munthu wa nthungo ndi chishango safika. Ndiye mnzangayo anapambana chifukwa ankadziwa chinthu chimodzi chimene Pulleine sankachidziwa: kuti kuseri kwa zitunda kuli anthu 20,000.

Apa ndiye pagona yankho lanu, bambo. Masewerawa sakoma mukamafuna kubwereza mathero a nkhondo. Amakoma mukabwezera wosewera mumdima umene mtsogoleri weniweniyo analimo, kuti asankhe zochita akudziwa zochepa zomwe uja ankadziwa. Ndipo nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1824 msilikali Wachijeremani wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewera otchedwa Kriegsspiel, osewera ndi tizidutswa tachitsulo pamapu, ndipo mtima wake unali woyimbira: munthu wachitatu amene yekha amaona zonse, n'kumauza mbali iliyonse zokhazo zimene asilikali ake angaone ndi maso. Tizidole tinadzatchuka pambuyo, makamaka H. G. Wells atatulutsa kabuku ka malamulo ka Little Wars mu 1913. Koma pa Isandlwana, Mjeremani uja ndi amene angakuthandizeni.

Mmene timachitira ife tsopano ndi motere. Azulu sayikidwa patebulo poyamba. M'mphepete timayala makadi ovundikira, ena olembedwa dzina la gulu, ena opanda kanthu. Wa Angerezi amapatsidwa kapepala ka malamulo: teteza msasa wonse, mahema, ng'ombe ndi ngolo, komanso khala wokonzeka kuthandiza Durnford. Msasawo ndi wautali, ndiye afune asafune amwaza anthu ake. Saloledwa kuwabweza mpaka woyimbira atamuuza kuti azondi ake aona chinachake. M'mbiri yeniyeni zinali choncho: okwera pamahatchi a Lieutenant Raw ankathamangitsa ng'ombe, n'kungotulukira pamwamba pa chigwa cha Ngwebeni, pansi pali khamu lonse litakhala chete. Azuluwo sankafuna kumenya tsiku limenelo, poti mwezi unali utafa, ankadikira mawa lake. Ataonedwa anangodzambatuka.

Zipolopolo timawerenga ndi nyemba. Msilikali aliyense ankanyamula 70, ndiye chitsekerero chilichonse timachipatsa nyemba 7, kuwombera kamodzi nyemba imodzi. Zikatha, wina athamange kungolo, ndipo mtundawo uyezedwe ndi tepi. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati kuchepa kwa zipolopolo kunagwetsadi mzere wonse, koma za Durnford n'zodziwika: anagwira chigwembe kudzanja lamanja mpaka zipolopolo zinayamba kumuthera, atabwerera m'mbuyo mbali imeneyo inatseguka. Patebulo mudzaona nokha mmene munthu amayambira kutuluka thukuta nyemba zikatsala ziwiri.

Musaganize kuti wa Azulu ntchito yake ndi kungokankha zitsekerero kutsogolo. Ndi mbali yovuta, ndipo kwa ine ndi yokoma kuposa inayo. Gulu limayenda ngati mutu wa ng'ombe: chifuwa pakati, nyanga ziwiri m'mbali, ndi chiuno chotsalira kumbuyo. Chifuwa chimafika msanga chifukwa njira yake ndi yaifupi, pamene nyanga ya kumanja iyenera kuzungulira kuseri kwa phiri kukatseka msewu wa ku Rorke's Drift, pamene Angerezi anali ndi kamsasa kena pa dooko la mtsinje wa Mzinyathi. Nthawi yonseyo chifuwa chikudya moto. Mtima umati thamangira, ulowe basi. Ukatero nyanga zisanafike, watha. Ukachedwetsa kwambiri, anthu ako agona pansi osafunanso kudzuka, monga zinachitikira gulu la uKhandempemvu mpaka induna Mkhosana anatsika kudzawadzutsa, iye n'kuphedwa pomwepo. Wosewera bawo amaidziwa nkhawa imeneyi, yosunga nyumba podikira nthawi yake.

Tsiku limenelo masana kunachitikanso kadamsana, dzuwa linadetsedwa mbali ina nkhondo ili kumapeto. Ife timachotsako dayisi limodzi kwa owombera pa nthawi imeneyo, kungokometsa. Angoni akamva izi amamwetulira, poti nawonso a Zwangendaba, ochokera chigawo chomwecho, anawoloka Zambezi tsiku la kadamsana mu November 1835.

Chotsala ndi kagawidwe ka chipambano, ndipo ambiri amalakwitsa apa. Musati wopambana ndi amene watsala patebulo. Yezani ndi mbiri. Wa Angerezi akapulumutsa makampani awiri n'kuwawolotsa mtsinje wa Mzinyathi, wachita bwino kuposa Pulleine, wapambana ngakhale msasa wapsa. Wa Azulu akalanda msasa koma wataya zitsekerero 40, waluza, chifukwa Cetshwayo analibe kwina kokatenga anthu ena, pamene Britain inangotumiza zombo zina zodzaza asilikali. Mukatero onse awiri amakhala ndi chomenyera mpaka dayisi lomaliza, ndipo mukamaliza mkangano umayamba: Pulleine akanagwetsa mahema? Durnford akanakhala pamsasa? Mwana amene wangoluza chifukwa cha nyemba amakatsegula yekha buku kuti akutsutseni.

Koma musayambe ndi Isandlwana, ndi yaikulu ndipo imafuna anthu atatu. Yambani ndi Rorke's Drift, yomwe inachitika madzulo ndi usiku wa tsiku lomwelo: anthu pafupifupi 150 kuseri kwa matumba a chimanga ndi mabokosi a mabisiketi, kulimbana ndi Azulu 3,000 kapena 4,000 a Dabulamanzi kaMpande. Imakwana pa tebulo lodyera. Nyumba ziwiri, chipatala ndi mosungira katundu, mupange ndi katoni, mpanda ukhale mabokosi a machesi. Azulu aziyenda masentimita 15 pa ulendo uliwonse, Angerezi 10, mfuti igunde dayisi likagwa pa 5 kapena 6, nthungo pa 4 kupita m'mwamba. Zikaoneka zokondera, sinthani manambalawo, palibe amene adzakumangeni. Mwanayo mumupatse Azulu kaye, inu mukhale kuseri kwa machesi, kenako musinthane.