Aphunzitsi, timu ya basketball iyambire pa mawondo a ana

Aphunzitsi, mwati akupatsani anyamata ndi atsikana a Fomu 1 ndi 2 kuti muwayambitse basketball, ndipo mukufunsa za mipira, majezi, kulimbitsa thupi ndi mipikisano. Za majezi ndi mipikisano ayankhe ena. Ine ndinena za mawondo ndi bwalo, chifukwa matimu ambiri a sukulu amathera pamenepo.

Mabwalo athu kuno ku Zomba ambiri ndi a simenti, ndipo simenti sifewa. Mwana akadumpha n'kutera, kulemera konse kumathera m'bondo ndi mu akakolo. Ndiye amene angakulangizeni kuti muziwadumphitsa chachule kuzungulira bwalo, kapena kuwathamangitsa msewu wa Ku Chawe Loweruka lililonse, chonde musawamvere. Mwana wa zaka 13 mpaka 15 mafupa ake akukulabe. Mukamuchulutsira zodumpha, m'munsi mwa bondo, pamene fupa la msongolo limayambira, pamatuluka kachotupa kowawa. Achipatala amati Osgood-Schlatter. Mudzamuona akutsimphina mukamaweruka, akulephera kugwada, koma akubisa poopa kuchotsedwa mu timu. Ameneyo musiyitseni kudumpha ndi kuthamanga kwa masabata angapo, aziponya ataima ndi kupatsirana ndi anzake. Bondo likatupa lonse kapena akamalephera kuponda, mupite naye ku chipatala cha Zomba Central, osati kungomutikita.

Masiku atatu pa sabata akwana, osatsatizana, ola limodzi ndi theka. Mphindi 15 zoyambirira azithamanga pang'onopang'ono, kubwerera chambuyo, kuyenda cham'mbali, kuima ndi mwendo umodzi masekondi 30 mbali iliyonse. Kuima kumeneku kumaoneka kwachibwana koma kumathandiza kwambiri kuti akakolo asamabinye. Kenako mphindi 20 za dribble (kuyenda ukugunditsa mpira pansi ndi dzanja limodzi), theka lake ndi dzanja lamanzere, maso ali kutsogolo. Inu muzikweza zala iwo azitchula nambala, mudzadziwa amene akuyang'ana mpira. Layup (kuthamangira pa ring'i, chitsulo chozungulira choponyamo mpira, n'kudumpha kuponya uli pafupi) aphunzire mbali zonse ziwiri: kumanja adumphe ndi mwendo wamanzere, kumanzere ndi wamanja. Potsiriza asewere atatu atatu pa theka la bwalo. Asanu asanu, mpira umangokhala ndi ana awiri aatali, enawo n'kumangothamanga.

Mzere wa mapointi atatu, umene wogoletsa ali kuseri kwake amapeza mapointi atatu, uli pa mamita 6.75 kuchokera pa ring'i. Mwana wa Fomu 1 alibe mphamvu yofikitsa mpira pamenepo, ndiye amaukankha kuchokera pachifuwa ndi manja onse awiri, ndipo chizolowezi chimenechi chimavuta kuchichotsa. Muwaletse teremu yonse yoyamba. Ayambire mita imodzi kapena awiri kuchokera pa ring'i, chigongono chili pansi pa mpira. Potchinga, aliyense agwire munthu wake. Zone, yoti aliyense azitchinga malo ake m'malo mogwira munthu, imapambanitsa masewero a ana, koma mwana amafika Fomu 4 osadziwa kusuntha mapazi.

Mipira: anyamata saizi 7, atsikana saizi 6. Gulani ya labala. Wachikopa ndi wa mabwalo a m'nyumba, pa simenti umasupuka msanga, ndipo ndalama yake mukhoza kugula ya labala iwiri kapena itatu, malingana ndi mitengo ya tsiku limenelo. Ana 16 mipira isachepere 6. Popopa nyowetsani singano, youma imawononga valavu. Mpirawo mukausiya kuchokera pa msinkhu wa mutu wanu udumphe kufika cha m'chiuno. Ukapyola pachifuwa mwapopa kwambiri, uzibinyitsa zala.

Ring'i muiyeze nokha ndi tepi, ikhale mamita 3.05 kuchokera pansi. Owotcherera ena amangoyerekeza ndi maso. Mzati muukulunge ndi siponji ya matiresi akale mpaka kupyola mutu wa mwana.

Mvula ikayamba mu Novembala, mbali ya bwalo imene ili mumthunzi imamera ndere. Kwechani ndi burashi yolimba, ndipo mchenga muzisesa tsiku lililonse musanayambe. Bwalo lonyowa musasewerepo ngakhale ana achonderere.

Nsapato za kaunjika za mumsika wa Zomba zilibe vuto, bola kunsi kwake kukhale kwa labala komanso mizere isanathe. Zampira wamiyendo ndi mapatapata ayi. Ana oyendera muziwafunsa ngati adya masana. Amene sanadye adye kaye ngakhale nthochi ziwiri kapena mbatata, ndipo mu Okutobala muziwapumitsa mphindi 20 zilizonse kuti amwe madzi.