Funsani Amakaniko: Chokokera Ngolo Chabwino Nchotani?

Ndagula ngolo yoti ndizinyamulira chimanga ndi feteleza pa pikapu yanga. Owotcherera kuno akuti akhoza kundipangira chokokera pa bampala pamtengo wotsika. Ndilole? — Mlimi, Kasungu

Musalole bambo. Bampala wa galimoto zambiri za masiku ano ndi lata yopyapyala kapena pulasitiki, ndipo sanapangidwe kuti azikoka katundu. Towbar yeniyeni, chitsulo chokokera ngolo, imamangidwa ku chasisi (chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto) ndi mabawuti, m'mabowo amene opanga galimotoyo anasiyiratu. Kuwotcherera pa chasisi nakonso sikwabwino. Moto umafooketsa chitsulo m'mphepete mwa powotchererapo, mng'alu umayambira pomwepo, ndipo mabampu a msewu wafumbi amaukulitsa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina ngolo idzatsale yokha kumbuyo.

Gulani towbar yopangidwira mtundu wa galimoto yanu, yokhala ndi kachitsulo kolembapo manambala. Pamakhala chilembo D, chosonyeza mphamvu yokoka, ndi S, chosonyeza makilogalamu amene angatsamire pa mpira wachitsulo umene ngolo imakolekedwapo. Yopanda kachitsuloko muisiye. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Olembedwa 4.6, kapena osalembedwa kanthu, amatamuka akalemedwa, kenako nati imayamba kusewera. Mpira umene umamangidwa ndi mabawuti awiri umafuna a M16, onenepa mamilimita 16. Amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi pepala la towbar, osati kuponda sipanala ndi phazi, ndipo mukayenda makilomita pafupifupi 1,000 oyamba mukawamangitsenso.

Pa ngolo yanga palembedwa 750 kg. Ndiye kuti ndikhoza kukweza matumba 15 a simenti? — Wowerenga, Mzuzu

Ayi. Nambalayo ndi ya ngolo pamodzi ndi katundu wake. Ngati ngolo yopanda kanthu ikulemera makilogalamu 250, malo otsala ndi 500, amene ndi matumba 10 a makilogalamu 50, basi.

Komanso nambala ya ngolo siyokhayo yofunika. Onani buku la galimoto, kachitsulo ka towbar, mpira, ndi coupling, chija chimavala mpira kutsogolo kwa ngolo. Chilichonse chili ndi malire ake, ndipo nambala yaying'ono mwa zonsezi ndiyo yanu. Buku la galimoto limapereka manambala awiri, ya ngolo yokhala ndi mabuleki ndi ya yopanda mabuleki. Pikapu ina imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500, koma pokhapokha ngoloyo ili ndi mabuleki akeake. Yopanda mabuleki malire ake ndi 750 m'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa ndi Britain, ndipo pa galimoto yaying'ono amatsika kuposa apo. Chifukwa chake mudzachiona potsetsereka ngati pa Chiweta kapena msewu wa Golomoti: ngolo imakankha galimoto, mabuleki amatentha, phazi nkumangolowa pansi. Pamalo otero tsikani ndi giya yaying'ono kuti injini ithandize kugwira.

Ngolo yanga ndinaigula ku Johannesburg, mpira ndinagula pamsika. Ikamayenda pamamveka "gu! gu!" kumbuyo. Vuto nchiyani? — Mayi wa bizinesi, Limbe

Mayi, musakokenso musanayeze mpirawo. Ngolo za ku South Africa ndi ku Ulaya zimavala mpira wa mamilimita 50. Koma pali ina ya muyeso wa ku America: wa mainchi 1 7/8, umene ndi mamilimita 47.6, ndi wa mainchi 2, umene ndi 50.8. Ndi maso simungaisiyanitse. Wa 47.6 umalowa bwinobwino mu coupling ya 50, chogwirira nkutsekeka ngati zonse zili bwino, koma mkati muli mpata, ndipo bampu imodzi yamphamvu ikhoza kuvula ngolo. Wa 50.8 umathina, kotero dzino lotsekera silifika pansi pa mpira. Kukula kwake kawirikawiri kumalembedwa pamwamba pa mpira pomwepo. Ngati sipanalembedwe, amakaniko ayeze ndi kalipa. Wa 50 umene waperepeseka kufika pa 49 watha ntchito.

Ngati mpira uli bwino, ndiye kuti coupling ndiyo yatha mkati. Kuyesa kwake nkosavuta: mangani ngolo, tsekani, kenako kwezani kutsogolo kwa ngolo ndi kawilo kake kapena jeke. Kumbuyo kwa galimoto kuyenera kunyamuka nawo pang'ono. Ikavuka, sinthani. Pakani girisi pang'ono pa mpira, kupatula ngati coupling yanu ndi ija yokhala ndi timapadi toletsa kugwedera, yomwe imafuna mpira wouma.

Ndikangopitirira liwiro la 70, ngolo imayamba kuvina uku ndi uku. Kodi ndi towbar? — Dalaivala, Salima

Nthawi zambiri ndi kapakiridwe. Katundu akachuluka kumbuyo kwa ekiselo, kutsogolo kwa ngolo kumapepuka, ndipo kamphepo ka thiraki yodutsa nkokwanira kuyambitsa guleyo. Ikani pafupifupi magawo 6 mwa 10 a katundu kutsogolo kwa ekiselo, wolemera pansi, ndipo mumange kuti asasunthe. Pa mpira patsamire magawo 7 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera konse. Ngolo ya makilogalamu 700 itsamize pakati pa 50 ndi 70, osapitirira nambala ya S ija. Mukhoza kuyeza ndi sikelo yopondapo: imikani mtengo woongoka pa sikelo, utali wake ufike pamene pamakhala mpira, ndipo mugoneke coupling pamwamba pake. Mawilo a ngolo mukhale mutawatchinga ndi miyala.

Mukapyola muyeso vuto limatembenuka: kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, matayala a kutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimvera.

Onaninso ngati ngolo ikugona mofanana. Galimoto itapakira, pakati pa mpira pazikhala mamilimita 350 mpaka 420 kuchokera pansi. Pikapu yokwezedwa imaimika mphuno ya ngolo m'mwamba, choncho pafunika chitsulo chotsitsira mpira, chogula, osati chosula kwa owotcherera. Matayala opanda mpweya wokwanira nawo amavinitsa. Ikayamba kuvina muli pamsewu, gwirani chiwongolero chilunjike, chotsani phazi pamafuta pang'onopang'ono, musamenye buleki mwadzidzidzi.

Tcheni ndi chofunikadi, poti coupling yatseka kale? Nanga magetsi a ngolo akuthwanima onse ndikaponda buleki. — Wowerenga, Mchinji

Nchofunika. Ngati matcheni ali awiri, apingasitseni pansi pa coupling kuti ikavuka igwere pa iwo, isakumbe phula. Akolekeni pa bowo la towbar ndi shako yolimba (kachitsulo kopindika ngati U kotsekedwa ndi bawuti), osati kukulunga pakhosi pa mpira. Akhale ndi mpata wokhotera koma asakhwekhwerezeke. Ngolo ya mabuleki imakhalanso ndi kawaya kamene kamakoka buleki ngolo ikaduka, ndipo nakonso kakolekedwe pa towbar.

Za magetsizo, yambani ndi waya woyera, wa ethi, pa pini 3 ya pulagi ya mapini 7. Akachita dzimbiri, moto umafuna njira yobwerera kudzera m'mababu ena. Palani dzimbirilo, mangani bwino. Enawo amayenda motere: wachikasu pa 1 ndi indiketa ya kumanzere, wobiriwira pa 4 ya kumanja, wofiira pa 6 mabuleki, wabulawuni pa 5 ndi wakuda pa 7 magetsi a usiku.

Kagalimoto kanga kochokera ku Japan, ka giya ya CVT, kangakoke ngolo? — Mphunzitsi, Dedza

Onani m'buku lake. Ngati mulibe nambala ya kukoka, musaikepo towbar. Tigalimoto totere tilibe chasisi chapadera, thupi lake ndilo limanyamula zonse, ndipo CVT, mtundu wina wa giyabokosi ya otomatiki, imatentha msanga ikamakwera phiri itakoka katundu. Mtengo wosinthira giyabokosi yotere umaposa kutali wa hayala ya lole ya matani atatu.