Yankho kwa mayi a ku Area 25: kodi amuna anu anapha kapena anadziteteza?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 omwe apempha kuti ndisatchule dzina lawo. Akuti usiku wina akuba awiri anathyola chitseko cha nyumba yawo, mmodzi atanyamula chikwanje, ndipo amuna awo anatola mpini wa khasu n'kumenya mmodzi wa akubawo m'mutu, moti anakamwalira ku chipatala cha Kamuzu Central m'mawa mwake. Pano bamboyo ali pa limandi ku ndende ya Maula, akuyembekezera mlandu wakupha. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Munthu amamangidwa bwanji chifukwa choteteza ana ake m'nyumba mwake momwe?"

Mayi, pepani ndi zomwe zagwa pakhomo panu. Ndiyambe ndi zomwe simungakonde kumva, zakuti kudziteteza sikuletsa apolisi kumanga munthu. Munthu akafera m'manja mwa mnzake, apolisi amagwira wokhudzidwayo n'kufufuza, ndipo ngati mkulu woimira boma pamilandu sanauthetse mlanduwo, amene adzanene ngati kunalidi kudziteteza ndi woweruza wa bwalo lalikulu, poti majisitireti alibe mphamvu yozenga mlandu wakupha. Choncho kumangidwa kwa amuna anu sikukutanthauza kuti apezeka olakwa.

Gawo 209 la malamulo a milandu a Penal Code limati wapalamula mlandu wakupha ndi yemwe wachotsa moyo wa mnzake mosaloledwa ndi lamulo, ali ndi cholinga chakupha kapena chovulaza kwambiri. Mawu oti "mosaloledwa ndi lamulo" ndi omwe mlandu wa amuna anu watsamirapo, chifukwa munthu amene wapha podziteteza moyenera sanaphwanye lamulo, ndipo bwalo likavomereza zimenezo limamumasula kotheratu, osati kungomuchepetsera chilango. Gawo 17 la malamulo omwewo limalola kuteteza munthu kapena katundu, koma silifotokoza zambiri, limangoti nkhaniyi iweruzidwe potsata mfundo za makhoti a ku England. N'chifukwa chake maloya athu amatchulabe mlandu wa Palmer wa mu 1971, momwe oweruza ananena kuti munthu amene waukiridwa mwadzidzidzi sangayembekezeredwe kuyeza mphamvu zake ngati akuyeza ufa pa sikelo.

Komabe pali mafunso awiri amene woweruza sadzawalumpha: kodi pa nthawi yomwe mpiniwo unkagwa panali choopsa chenicheni, ndipo kodi mphamvu yomwe inagwiritsidwa ntchito inali yolingana ndi choopsacho? Apa ndi pamene kalata yanu yandisiya m'malere, chifukwa simunanene malo enieni amene wakubayo anamenyedwera. Ngati anali pabalaza, chikwanje chili m'manja, akulunjika kuchipinda kwa ana, ine ndikuona kuti amuna anu ali ndi poimira polimba ndithu, ngakhale womenyedwayo atakhala kuti sindiye ananyamula chikwanjecho, pakuti mu mdima munthu sangasiyanitse ndipo akubawo anabwera limodzi. Koma ngati anali atatuluka kale, akukwera mpanda kuti athawe, kapena atagwa pansi n'kumenyedwabe kachiwiri ndi kachitatu, nkhani imasintha, chifukwa lamulo limateteza munthu amene akupewa ngozi, osati amene akulanga wakuba. Mphindi imodzi yokha ikhoza kulekanitsa zinthu ziwirizi. Ndikudziwa kuti m'madera mwathu muno munthu akakuwa kuti "wakubaaa!" aliyense amatuluka ndi chomwe wagwira, ndipo ambiri amaganiza kuti mbava ilibe ufulu, koma gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wokhala ndi moyo kwa munthu aliyense. Ngati aneba anamenyako wakubayo atagwidwa kale, loya ayenera kudziwa zimenezi msanga, popeza zikukhudza funso lakuti bala lomwe linamupha linachokera kwa ndani.

Chinthu china chomwe anthu ambiri sachidziwa n'chakuti si udindo wa amuna anu kutsimikizira bwalo kuti anadziteteza. Iwo akungoyenera kuonetsa umboni wokwanira kuti nkhani yodzitetezayo iganiziridwe, ndipo zikatero boma ndi lomwe liyenera kutsimikiza mopanda chikaiko kuti sikunali kudziteteza. Chikaiko chikatsala, chimapindulira woimbidwa mlandu.

Bwalo likapeza kuti mphamvu inapitirira muyeso, sikuti basi munthu wapezeka wolakwa pa mlandu wakupha mwadala. Woweruza amaonanso ngati panalidi cholinga chakupha kapena chovulaza kwambiri, komanso ngati munthuyo anachita zimenezo ataputidwa mwadzidzidzi mtima usanazizire, monga likunenera gawo 213 la Penal Code. Zikatero mlandu umatsika n'kukhala womwe timautcha kupha mwangozi, ngakhale dzinali limasocheretsa chifukwa si nthawi zonse pamene pamakhala ngozi. Chilango chachikulu cha mlandu umenewu ndi kukhala kundende moyo wonse, koma woweruza ali ndi ufulu wopereka chocheperapo poona momwe zinthu zinachitikira. Ngakhale pa mlandu wakupha mwadala, chilango cha imfa sichilinso chokakamiza chiyambire chigamulo cha bwalo lalikulu pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, ndipo dziko lino linanyonga munthu komaliza mu 1992.

Tsono zoyenera kuchita. Pezani loya lero, ndipo ngati thumba silikulola pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau kuno ku Lilongwe, komwe amathandiza anthu osowa ndalama zolipirira loya. Loyayo awerenge sitetimenti yomwe amuna anu anapereka kupolisi, chifukwa mawu amene munthu amanena ali wonjenjemera, monga akuti "ndinafuna ndimuphunzitse", amadzamveka moipa kwambiri akamawerengedwa m'khoti patapita chaka. Afunsenso za belo, yomwe pa mlandu wakupha imapemphedwa ku bwalo lalikulu ndipo imatheka, makamaka poti malamulo a kazengedwe ka milandu amaika malire a masiku 90 osungira munthu woganiziridwa mlandu wotere mlandu wake usanayambe, ngakhale bwalo likhoza kuonjezerapo.

Inuyo muli ndi ntchito yosunga umboni. Jambulani chitseko chothyokacho musanachikonzetse, sungani makalata a kuchipatala ngati amuna anu kapena wina aliyense anavulala usikuwo, lembani mayina a aneba amene anamva kukuwa, ndipo onetsetsani kuti chikwanjecho, ngati chinatsala pamalopo, chinalembedwa m'buku la apolisi. Musakonze nkhani ndi mboni kuti zonena zifanane, chifukwa lipoti la dokotala wopima mtembo lidzanena lokha kuti mabala anali angati ndiponso ngati anali kumaso kapena kunkhongo. Mukakumana ndi loya, yambani ndi kumuuza malo enieni amene wakubayo anagwera.